Kumene Mayi Elube Amakatenga Masipeya

Pofika teni koloko m'mawa wa Lachinayi, Tiyese anali atadzuka pampando kanayi. Koyamba anakatsegula zenera, kenako anakalitsekanso chifukwa cha fumbi la mumsewu wa ku Kawale, kenako anakamwa madzi asanamve ludzu. Ntchito imene inali pa laputopu pake sinali yaikulu ayi. Anayenera kuwerenga tsamba limodzi la malangizo, kuyankha mafunso asanu ndi limodzi a pafomu, kupereka malikisi, n'kutumiza kwa abwana awo, a Annette, isanakwane folo koloko. Malikisi akakhala abwino, chida chawo chofufuzira chinali choti chitsegulidwe kwa anthu onse mawa lake, alendo akuonerera.

Kagulu kawo kanali ka anthu asanu, ndipo kankachita lendi nyumba ina kuseri kwa chigayo. Anali atapanga chinthu chimene mu ofesimo ankachitcha galafu: mayina a mashopu a masipeya a ku Biwi, mayina a eni ake, a magalimoto ndi a zitsulo zake, zonse zolumikizidwa ndi timaulusi tosonyeza kuti ichi chikugwirizana bwanji ndi icho. Dalaivala wa minibasi akalemba pa foni kuti akufuna fanibeliti, womuyankha sanali munthu. Inali ejenti, pulogalamu ya AI ija yoyankhula ngati munthu. Ejentiyo inali isanapondeko ku Biwi. Inkangowerenga malangizo a chida chofufuzira, n'kufufuza m'galafumo monga malangizowo anenera, n'kumuyankha dalaivala. Zimene malangizo sananene, iyo inkadziganizira yokha.

Malangizowo analemba ndi a Gilford, amene anakhala patebulo la pakona akukonza zithunzi zoonetsa alendo. Ndi iwo amene anamupezera Tiyese ntchitoyi, atamva kutchalitchi kuti mwana wa kwawo ku Nsipe ali ndi pepala la makompyuta koma akungokhala m'sitolo ya alamu ake ku Area 23. Ukwati wa mkulu wake wa Tiyese, mwambo anayendetsa ndi iwo. Munthu wotero sumupatsa malikisi ochepa mtima uli m'malo.

Tsambalo linali lolembedwa mwaukhondo. Kodi malangizo akunena chimene chidachi chimachita? Ankanena, m'mizere iwiri yomveka. Malikisi asanu. Kodi akunena zimene ejenti iyenera kulowetsamo? Ankanena, ndi zitsanzo zomwe. Asanu. Mafunso asanu oyamba anawamaliza tiyi asanazizire. Lachisanu ndi chimodzi ndi limene linkamudzutsadzutsa pampando: Kodi malangizo akunena pamene ejenti iyenera kulekezera, ndi zimene siyenera kunena?

Anabwereranso pa mzere umodzi wa pakati pa tsambalo. Unkati chidachi chimabweza dzina la shopu pamodzi ndi maulusi onse ochoka pa shopuyo, ndipo ejenti itsatire maulusiwo mpaka ipeze pamene pali chitsulo chimene munthu akufuna.

Maulusi amenewo Tiyese ankawadziwa kuposa aliyense, chifukwa anachita kuwayendera yekha miyezi itatu, kope lili m'manja. Ku Biwi wogulitsa sanena kuti palibe. Ukafunsa chitsulo chimene alibe, amakukokera kampando, n'kunena kuti dikirani pang'ono, n'kuzimiririka m'timipata ta pakati pa makontena. Pobwera amabwera ndi chitsulo chokulunga m'nyuzipepala, thukuta lili pachipumi, ngati wachokera kusitolo kwake komwe. Amaikapo kangachepe kake, ndipo ana amadya pamenepo. Kumene wakatenga safunsidwa, iyenso sanena. Masabata oyamba onse Tiyese ankangolandira mayankho a pakamwa chabe, akuti zonse tili nazo. Woyamba kumutsegulira anali Mayi Elube, a kontena lachikasu, atamva kuti ndi wa ku Ntcheu. Anamuuza kuti zambiri amakatenga kwa a Jamal, m'nyumba ina ya geti lobiriwira yopanda chikwangwani. Anatsitsa mawu pouza, ndipo Tiyese analonjeza kuti zimenezi n'zongothandiza makina kudziwa kuti Mayi Elube angathe kupeza chitsulocho, osati zouza anthu. Mayi Elube atayamba, anzawo khumi ndi anayi anatsatira.

Anatsegula poyeserera n'kulemba ngati dalaivala: Ndikufuna beringi ya kutsogolo ya Sienta, ndili ku Biwi.

Yankho linabwera asanachotse dzanja. Ejenti inati Mayi Elube a kontena lachikasu amadziwika ndi beringi imeneyo, koma alibe pashelefu, amakatenga kwa a Jamal, nyumba ya geti lobiriwira. Inawonjezera mwaulemu kuti ndi bwino kungolunjika kwa a Jamal kuti musataye nthawi.

Tiyese anayesanso ndi shoko, ndi mapulagi, ndi pampu ya madzi. Mwa mafunso khumi, asanu ndi awiri anakathera pa geti lobiriwira.

Ananyamula laputopu n'kukaima pambali pa tebulo la a Gilford, n'kudikira mpaka iwo atakweza mutu.

"Achimwene, taonaniko izi."

A Gilford anawerenga akugwedezera mutu. "Eya! Ndiye yagwira ntchito. Yatsatira ulusi mpaka kumapeto. Mawa ndiwaonetsa chimenechi."

"Koma anthu aja anandiuza za kuseri."

"Nangozo," anatero a Gilford, pomuitana ndi dzina la mfunda wake, "fomu yanuyo ikufunsa za malangizo anga. Pali mzere wabodza pamenepo?"

"Palibe."

"Pali posamveka?"

"Zikumveka. Kungoti sakunena pamene ejenti ilekezere."

"Ilekezere chifukwa chiyani? Dalaivala nayenso ndi munthu wosauka. Minibasi yafa, bwana wake akumuimbira foni, inu mukufuna akakhale pa kampando kudikira mayi akuzungulira makontena?" Anaseka, osati moipa. "Lembani asanuwo mukapume. Mwakhala mukuzungulirazungulira muno ngati nkhuku yofuna poikira."

"Chabwino," anatero Tiyese, chifukwa ndi mmene anaphunzitsidwira kuyankha akulu.

Anabwerera pampando, n'kuika chala pa nambala faifi, osadina. Mwina ndi iye amene ankaikulitsa nkhani. Mwina Mayi Elube akanangoseka, n'kunena kuti za a Jamal ndani sadziwa. Ganizo limeneli linamukomera kwambiri moti anafuna kukalimva ndi makutu ake. Anauza a Gilford kuti akubwera, natuluka kukakwera kabaza.

Ku Biwi dzuwa linali litakwiya. Nyundo zinkalira mbali zonse, ndipo pansi panali pakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Anapeza Mayi Elube akupukuta manja pa chitenje, akutsanzikana ndi makanika wina amene ankachoka ndi kaphukusi ka nyuzipepala.

"Abwera a kope!" anafuula Mayi Elube. "Lero mwabwera opanda kope? Kapena mwabwera kudzandipatsa mwamuna? Ndinakuuzani kuti makina anuwo andipezere wa galimoto yosafa."

"Ameneyo sakupezeka, Amayi. Tafufuza Biwi yense."

"Ndiye makina achabe. Khalani apa."

Tiyese anakhala pa kampando kamene amakhalapo odikira. Anafunsana za kumudzi, za mvula ngati ibwere msanga, za mwendo wa Mayi Elube umene unkatupa. Foni inali m'dzanja lake nthawi yonseyo, ndipo ankaitembenuzatembenuza.

"Foniyo ikukuwotchani?" anafunsa Mayi Elube.

"Ndimafuna mumve mmene akuyankhira makina aja. Sitinatsegulire anthu ayi. Tikuyesa chabe."

"Werengani, magalasi ndasiya kunyumba."

Tiyese anawerenga. Pa dzina lawo Mayi Elube anamwetulira, n'kukonza mpango kumutu. Pa dzina la a Jamal kumwetulira kuja kunatsalira pankhope pang'ono, ngati kwaiwalika. Pa geti lobiriwira anayang'ana kumanzere ndi kumanja, kuona ngati wa kontena loyandikana wamva.

"Bwerezani."

Anabwereza, motsitsa.

Mayi Elube sanakalipe. Anatenga kasanza n'kuyamba kupukuta botolo la oyilo limene linali loyera kale.

"Mwana wanga, m'kontena muno mukuonamo chiyani? Mafyuluta awo, mababu awo, oyilo uyo. Zimenezi sizingadyetse anthu asanu ndi awiri. Chimene ndimagulitsa ine ndi miyendo yangayi, ndi kudziwa kolowera. Zaka khumi ndi zitatu. A Jamal sabweza munthu, aliyense wogogoda amamugulitsa. Chimene chimandisunga n'choti madalaivala sadziwa geti."

"Ndikudziwa, Amayi."

"Mukudziwa, eti? Nanga si munalemba."

"Tikonza. N'chifukwa chake ndabwera."

"Mwabwera kudzakonza, kapena mwabwera kudzaona ngati ndikwiye?"

Tiyese anayang'ana pansi. Pa nsapato yake panali patadontha oyilo.

"Fufutani dzina langa," anatero Mayi Elube. "Ndipo mawa Lachisanu, amayi a kuno timakumana kupemphera tisanatsegule. Ndikawauza. Ndine ndinawakokera kwa inu, ndine ndikawatulutse."

"Ndipatseni mpaka madzulo ano."

"Ndimatseka hafu faifi. Mwendowu sulola kupitirira."

Pobwerera wa kabaza ankayenda pang'onopang'ono, akuzemba maenje, ndipo Tiyese ankangoona nthawi pa foni. Wani koloko inali itadutsa. Anaganiza zoti akangofika atumize fomu mwakachetechete, a Gilford akamvere kwa abwana. Anaganizanso zoti alembe malikisi atatu, apakatikati, osapweteka munthu. Koma atatu anali okwanira kuti chida chitsegulidwe. Pa chigayo anatsika, n'kuyenda mpaka pakhomo, n'kubwereranso chifukwa anaiwala chipewa chake m'manja mwa wa kabaza.

A Gilford anali akudya chimanga chowotcha pawindo.

"Achimwene, ndachokera ku Biwi. Mayi Elube akuti tifufute dzina lawo. Mawa akauza enawo."

Anasiya kutafuna. "Munakawaonetsa?"

"Ndinakawaonetsa."

"Iii, Nangozo! Zinthu zosapsa mukukagawira anthu?" Anapukuta manja pa buluku. "Onse khumi ndi asanu akatuluka, galafu yatsala mafupa okhaokha. Bweretsani kuno."

Anakokera mpando pafupi. Anafufuta mzere uja wa kutsatira maulusi mpaka kumapeto, n'kuyamba kulemba wina, akuwerenga mokweza monga ankachitira nthawi zonse. Tiyese ankathandiza mawu apa ndi apo, mosamala, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo za eni. Mzere watsopanowo unati ulusi wa kumene shopu imakatenga ndi wongodziwitsa ejenti kuti shopuyo ingathe kupeza chitsulocho. Ejenti itumize munthu ku shopu yoyambayo, ndipo isatchule dzina la kumene shopuyo imakatenga.

"Yesani," anatero a Gilford.

Beringi. Ejenti inati pitani kwa Mayi Elube, akupezerani, mungodikira pang'ono. Shoko, chimodzimodzi. Mapulagi, pampu, fanibeliti. A Gilford ankawerenga ndi zala, nkhope ikumasuka. Pa funso lachisanu ndi chinayi anali atatenganso chimanga chawo.

Lakhumi Tiyese analilemba ngati dalaivala wa changu, mmene amalembera anthu enieni: Ndathamanga, pasenjala ali m'galimoto, ndiuzeni pamene ndingapeze pompano osadikira.

Ejenti inapepesa kaye. Inati singathe kutchula dzina la kumene Mayi Elube amakatenga, koma poti mwathamanga, yang'anani nyumba ya geti lobiriwira kuseri kwa makontena.

A Gilford anaphulika kuseka mpaka chimanga chinawatsamwa. "Yamvera! Dzina sinatchule!"

Tiyese nayenso anaseka pang'ono, chifukwa zinali zoseketsadi. Kenako anadzuka, n'kukaima pakhomo, n'kubwerera.

"Zisanu ndi zinayi mwa khumi," anatero a Gilford atapuma. "Kusukulu kulikonse ameneyo wakhoza. Tiwonjezera mzere wina woti isatchulenso geti."

"Ndiye idzatchula mtengo wa pafupi ndi getilo."

"Tilembanso za mtengo."

"Achimwene, dalaivala mmodzi akadziwa m'mawa, masana pa siteji ponse adziwa. Sipafunika khumi."

Anali asanawayankhepo chonchi. Mawu ake anamveka aakulu m'chipindamo, ndipo chigayo kuseri chinali chitangozima kumene.

A Gilford anaika chitsononkho pa mbale. "Nanga dalaivala uja wa pasenjala m'galimoto? Simukumumvera chisoni?"

"Ndikumumvera. Koma eni mashopu aja sanatiuze zimenezo kuti tithandizire dalaivala kuwalambalala. Akanadziwa, bwenzi atangondiuza kuti zonse tili nazo, n'kundiperekeza."

"Ndiye mukufuna titani?"

"Maulusi amenewo asamatuluke n'komwe m'chidamo. Chida chiziwawerenga chokha mkati, n'kubweza kuti Mayi Elube angathe kupeza. Chimene ejenti sinaone singanene. Malangizo anene poyera kuti kumene mashopu amakatenga chidachi sichibweza, ejenti isavutike kufuna."

"Imeneyo si ntchito ya malangizo. Ndi kumasula chida chonse. Sabata yathunthu." Anamuyang'anitsitsa. "Ndipo mukudziwa chimene a Annette akufuna kuonetsa alendo mawa? Maulusi anu omwewo. Akhala akukutamani paliponse, akuti tili ndi mtsikana amene analowa kumene ena onse analephera. Mukawabisa, ntchito yanu ya miyezi itatu palibe adzaione."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa zambiri lero."

Tiyese anabwerera patebulo lake. Hafu filii inali itakwana. Pa funso lachisanu ndi chimodzi anadina wani. M'bokosi la ndemanga analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Mawu oyamba anatuluka opepesa kwambiri moti sankanena kanthu. Achiwiri anatuluka ngati akuimba mlandu munthu. Pomaliza analemba kuti malangizo ndi omveka pa zonse zimene akunena, koma poyamba sankanena pamene ejenti ilekezere, ndipo atakonzedwa ejenti inaululabe kamodzi mwa khumi. Mawu okha sangatseke zimenezi. Chida chisatsegulidwe mpaka chitasiya kubweza kumene mashopu amakatenga. Anaika mayankho awiri a geti lobiriwira pansi pake.

Sanatumize. Ananyamulanso laputopu n'kukaiika patsogolo pa a Gilford, n'kuima manja ali kumbuyo.

"Ndati muone kaye inu, musakamvere kwina."

Anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene mizere inayi imafunira.

"Wani," anatero. "Chiyambireni sukulu ku Nsipe sindinalandirepo wani."

"Enawo ndi asanuasanu."

"Musandinyengerere." Anakanda kumutu. "Bambo anu ndikawauza pa Khirisimasi kuti mwana wanu anandigwetsa mayeso." Kenako analoza pa mzere wachiwiri. "Apa mwati kamodzi mwa khumi. Lembani kuti pamene munthu wanena kuti wathamanga. Akafuna kuyesa okha adziwe poyambira."

Tiyese anawonjezera, n'kutumiza. Inali itatsala pang'ono kukwana folo.

Sipanapite mphindi zisanu foni ya a Gilford inalira. Anayang'ana dzina, n'kupumira m'mwamba, n'kutuluka nayo panja. Kudzera pawindo Tiyese ankawaona akuyendayenda m'mbali mwa mpanda, dzanja limodzi likufotokoza m'malere. Anamva mawu akuti ayi, si mtsikanayo, mzerewo ndinalemba ndine. Anamvanso akuti alendowo tiwaonetsa poyeserera, sabata yamawa si kutali. Kenako chigayo chinayambanso kulira ndipo sanamvenso kanthu.

Atabwera, nkhope yawo inali yolemera. "Sakondwa. Akuti Lolemba tikakhale pansi tonse, inunso mukafotokoze ndi pakamwa panu. Koma mawa sititsegula." Anakhala pansi, osamuyang'ana. "Mawa seveni koloko mukhale muli pano. Mwaiyamba ndinu. Pitani kwa Mayi Elube anuwo asanatseke."

Anapeza Mayi Elube akulowetsa mabotolo a oyilo m'kontena, akutsimphina. Tiyese ananyamula katoni ya mafyuluta n'kulowetsa, n'kubwerera kudzatenga ina.

"Sititsegula mawa, Amayi," anatero ali ndi katoni yachitatu m'manja. "Tikumasula chida chija. Kumene mumakatenga masipeya, makina oyankha anthu aja sadzakuonanso."

"Koma inu mudzakhala mukukuonabe."

"Ife tidzakhala tikukuona. Zimenezo sindinganame."

Mayi Elube anakoka chitseko chimodzi cha kontena, chinalira. Anaima atachigwira, akupumitsa mwendo.

"Abwana anu akuti chiyani?"

"Sakondwa."

"Akuchotsani ntchito?"

"Sindikudziwa. Lolemba."

"Mhm." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Dzina langa likhale kaye panja. Mukamaliza kukonza mubwere nayo foniyo, ndidzabwera ndi magalasi. Ndidzaifunsa ndekha, ndidzainyengerera, ndidzaiopseza, ndidzaiuza kuti mwana akudwala. Ikakana kundiuza geti ine amene, mudzandibwezeremo."

"Nanga amayi enawo, mawa?"

"Gwirani chitseko icho, chimalimba." Anakankha limodzi mpaka zitseko zinakumana, ndipo Mayi Elube anakoleka loko. "Mawa ndikangopemphera basi. Koma Lachisanu linalo likadzafika musanabwere, ndidzayankhula."